Kalata ya Ng'ombe Yothyoka Nyanga

Ine sukulu ndinaiona imvi zitamera kale, ya kwacha ija, ndipo cholembera chimandilemera m'manja kuposa chikwapu. Koma nkhani iyi ndalemba ndekha, masiku ambirimbiri, chifukwa ndikaipereka kwa anthu ophunzira aichotsa mano. Ndikufuna ikhale ndi mano ake onse.

Ntchito yanga kuyambira unyamata ndi ngolo. Funsani kuchokera ku Mpingu mpaka ku Namitete, akuuzani. Ndanyamula fodya, njerwa, manyowa, mabokosi a maliro, ndi amayi apakati oti sindingawawerenge. Ambulansi isanadziwe njira ya kwathu, ambulansi ndinali ine. Anthu amati ndimalankhula mokuwa. Nanga ng'ombe imamva kunong'ona?

Ndili ndi mdzukulu, mwana wa mwana wanga wamkazi, amene anatengera thupi langa. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu mapewa ake anali ngati a thole lodyera madeya. Kusukulu kwawo kunabwera mphunzitsi wachinyamata ndi mpira wooneka ngati papaya, akuti ragibi. Umaunyamula m'manja n'kuthamanga nawo kukaugoneka kuseri kwa mzere, ndipo popatsa mnzako umaponyera kumbuyo kokha. Ndinaseka tsiku loyamba, ndinati ngolo yobwerera m'mbuyo sifika kumsika. Ana aang'ono sagwetsana ayi. Amawamata tinsalu tiwiri m'chiuno, wina akakusolola kansalu, basi waima. Mdzukulu wanga anazikonda zimenezi kuposa chakudya. Ankang'amba chitenje chakale cha agogo ake aakazi n'kumathamanga ndi dzungu kuzungulira khola, abale ake akumuthamangitsa.

Chaka chimenecho kunali mpikisano wa ana osakwana zaka khumi pabwalo lina cha ku Njewa. Matimu anachokera ku Nsaru, ku Kabudula, ena m'tauni pa basi. Athu ndinawanyamula ine pangolo, ana khumi ndi awiri ndi mphunzitsi wawo, tikuimba njira yonse.

Patebulo lolembera maina panali munthu wa mudzi woyandikana ndi wathu. Anagwirapo ukalaliki ku Chitedze n'kupuma, ndi mkulu wa mpingo kwawoko, ndipo m'thumba la malaya ake simusowa zolembera zitatu. Kwathu kukakhala chilichonse chofuna tebulo, iye amakhala atakhalapo kale. Mdzukulu wake naye ankasewera, mu timu ya sukulu ya kumudzi kwawo, kamwana kakang'ono kothamanga ngati gwape.

Masewero oyamba tinakumana ndi iwowo. Mdzukulu wanga anagoneka mpira katatu. Tiana tawo tinkangogwira mphepo, ena ankachita kumupatukira okha. Ine ndinali m'mbali mwa bwalo ndikufuula mpaka a ku Nsaru anasiya masewero awo kudzaona kuti kwagwanji.

Wezulo atalira, kalaliki uja anaimirira n'kuitana mayi amene ankayendetsa mpikisanowo, mtsikana wa m'tauni wovala kabudula. Analoza mdzukulu wanga n'kunena kuti mwana uyu ndi wamkulu, abweretse pepala. Khadi lake la kusikelo linadyedwa ndi chiswe kalekale, amake analisomeka kudenga la chigafa. Ndinawauza zimenezo. Ndinawauzanso kuti amake amene anawanyamula ndine kupita kuchipatala, ndipo dzinja lino ndi lachisanu ndi chitatu. Kalaliki anangogwedeza mutu, akuti mawu a pakamwa salowa m'kaundula.

Apa ndinalakwitsa, ndivomere. Ine zaka za chamoyo ndimaziona m'kamwa. Ndinamugwira mwanayo chibwano n'kumuyasamulitsa, ndikuonetsa mayi uja kuti taonani, akutsogolo awa angomera kumene, am'mbali akadali a mkaka. Anthu anayamba kuseka. Kalaliki anatenga chimkuzamawu chimene chinali patebulo, n'kunena bwalo lonse likumva:

"Pano si padibi, achikulire. Ndipo tikupempha agogo ena aleke kutibweretsera abambo a ana awiri. Imvi ndi bodza siziyenderana."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko, ngakhale amayi oti ndinawanyamulapo pangolo yanga akubuula. Ndinakalipa, ndinatukwana, zina sindingazilembe pano, mpaka anyamata awiri anandigwira mikono kunditulutsa. Mdzukulu wanga anamatula tinsalu take, anatipinda bwinobwino, n'kupatsa aphunzitsi ake. Anakalirira pansi pa ngolo.

Kulirako sindinadandaule nako, mwana amalira. Chinandipweteka n'chakuti anasiya kudya. Ankatapa kawiri n'kusamba m'manja. Agogo ake aakazi atamunyengerera anaulula kuti akufuna achepe thupi kuti chaka chamawa asadzamuchotsenso. Ndipo kumsika anthu anayamba kundipatsa moni wakuti, ali bwanji bambo a ana awiri aja? Ine, munthu woti ndikati katundu wanu afika mawa, amafikadi mawa ngakhale mlatho ukokoloke.

Anali akazi anga amene anatsegula nkhani, patapita masiku, tikusola mtedza pakhonde. Anandifunsa ngati kamwana kothamanga kaja ndinakazindikira. Ndinati ayi, ndingodziwa kuti n'kamdzukulu ka kalaliki. Iwo anati, ndiye wa padambo uja ameneyo, anakulira m'tauni ndi amake, wabwera dzana lomweli.

Mtedza ndinautaya pansi.

Imvani za padambo. Dzinja lina, mvula itagwa masiku anayi osaleka, akazi a kalaliki anabwera kwathu chothamanga dzuwa lili pamutu, opanda ngakhale mpango. Mwana wawo wamkazi matenda anali atayamba, mimba yoyamba, ndipo galimoto palibe imene ikanalowa kwathu. Nthawi imeneyo ndinali ndi ng'ombe ziwiri, yakuda ndi ina yofiira yothyoka nyanga ya kumanzere. Yofiirayo sindinakhalenso ndi inzake. Inkadziwa njira ya kuchipatala yokha, ukagona pangolo umadzuka uli pageti. Tinamukweza mtsikanayo, amake atamugwira mutu, kalaliki akutsatira pambuyo ndi ambulera, nsapato zili m'manja. Tili pakati pa dambo ng'ombe yofiira inaponda m'dzenje lobisika ndi madzi, mwendo n'kumveka thyo. Inagwa pomwepo. Mtsikana akukuwa, amake akupemphera, kalaliki akungozungulira ndi ambulera yake. Ndinamasula ng'ombeyo, ndinalowetsa khosi langa m'goli pambali pa yakuda ija, n'kukoka. Ine ndi ng'ombe. Tinatuluka m'dambo, anthu ena anatithandiza kukwera mtunda, ndipo mwana anabadwa tisanamalize n'komwe kusamba matope. Chipsera cha goli chikadalipo pakhosi panga, wofuna abwere adzaone.

M'mawa mwake ng'ombe ija tinaipha. Kuti nyama igulitsidwe pamsika pankafunika kalata yopita kwa alangizi a ziweto, yonena kuti sinafe ndi matenda. Analemba ndani? Kalaliki yemweyo, misozi ili m'maso, akunditcha mbale wake. Alangizi anadinda chidindo n'kundibwezera, ine n'kuiika m'chitini momwe ndimasunga makhadi a kudibi.

Tsiku lomwelo ndinakatsitsa chitinicho. Kalata inalimo, yofiirira m'mopinda, koma chiswe chinailemekeza. Manambala ine ndimawadziwa bwino, ndinaphunzirira pa mabelo a fodya, choncho chaka ndinachiona msanga. Ndinawerenga pa zala kawiri. Kamwana kaja kanali katadutsa kale zaka khumi tsiku limene agogo ake ankanditcha wabodza. Mawu enawo ananditengera sabata, chifukwa anthu ophunzira amalemba zilembo zogwirana manja ngati akuvina. Ndinkakhala kuseri kwa khola ndi kalatayo, chilembo chimodzichimodzi. Nditafika pamzere wachinayi ndinaseka mpaka ng'ombe zinadzidzimuka.

Akazi anga anati pitani nayo kwa kalaliki mukakambirane ngati akulu. Ndinakana. Ananditukwanira pabwalo, pa chimkuzamawu, ndiye ndikamuyankhire pakhonde pake tikumwa tiyi? Mlandu suwola. Ndinabwezera kalata m'chitini n'kutseka.

Chaka chathunthu ndinakhala chete. Amene amandidziwa akudziwa kuti zimenezo zinali zolemera kuposa goli lija. Ndinkakumana naye pamaliro, pachigayo, pamsewu wa ku Mchinji, iye n'kumandifunsa mwachipongwe ngati mdzukulu wanga wayamba kumeta ndevu. Ine ndinkangoti zikomo akalaliki, tikuyesetsa. Mumtima ndinkati seka, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mdzukulu wanga yekha ndi amene ndinamuuzako pang'ono. Ndinati idya, kula mmene ungathere, pepala lako lili ndi ine. Anandiyang'ana mokayika, koma anayambiranso kudya.

Mpikisano utayandikira aphunzitsi anabwera kunyumba. Anati achikulire, chaka chino n'chomaliza kwa mwanayu, chamawa adzakhala atakwanitsa khumi, ndipo gulu la akuluakulu kuno kulibe. Koma popanda pepala kuli bwino atsale, asakachitenso manyazi pagulu. Ndinawauza kuti amulembe dzina, zotsalazo asiyire mwini ngolo.

Bwalo linali lomwe lija, tebulo lomwe lija, munthu yemwe uja ndi zolembera zake zitatu. Chakumbali amayi a mpingo ankaphikira ana, ndipo pakati pawo ndinaona akazi a kalaliki atavala mpango woyera. Mtima wanga unakhala pansi. Mayi ameneyo ndimamudziwa, sanganame ngakhale utamulonjeza munda.

Ana athu atafola, kalaliki anayang'ana mdzukulu wanga, amene tsopano anali atakula kuposa kale, n'kumwetulira. Anafunsa ngati bambowa abwera kudzaperekeza ana awo. Kenako anati pepala.

"Pepala ndabwera nalo," ndinatero, ndipo ndinaonetsetsa kuti a ku Kabudula kutsidya la bwalo amva. "Koma paja ine sindinaphunzire, eti. Tandiwerengereni inu akalaliki, pa chimkuzamawu chanucho, anthu onse amve."

Anasangalala nazo. Anatambasula kalata, anakonza magalasi, n'kuyamba ndi mawu a paguwa. Kwa alangizi a ziweto. Ng'ombe yofula, yofiira, yothyoka nyanga ya kumanzere. Anthu anayamba kuseka ngati chaka chatha, wina anakuwa kuti agogo abwera ndi khadi la kudibi. Iye naye anaseka, n'kupitiriza kuti ng'ombeyi sinafe ndi matenda, inathyoka mwendo dzulo padambo pamene inkakoka ngolo yonyamula...

Anaima. Ndinaona maso ake akutsika kumunsi kwa pepala kumene kunali dzina lake, n'kukweranso pamwamba pamene panali tsiku.

Ndinamufunsa kuti yonyamula chiyani, kodi magalasi achita nthunzi? Anayamba kupinda kalata, akuti izi sizikukhudzana ndi masewero. Mayi woyendetsa mpikisano, yemwe uja wa chaka chatha, anatambasula dzanja. Anaitenga n'kumaliza yekha: yonyamula mwana wanga wamkazi kupita kuchipatala kukachira, ndipo wachira bwino mwana wamwamuna chifukwa cha mwini ng'ombeyi. Anawerenga tsiku, anayang'ana chidindo, kenako anatsegula kaundula wa patebulo n'kuyang'ana pa dzina la kamwana kaja. Chaka cha m'kalata ndi chaka chobadwa cha m'kaundula zinasiyana zaka ziwiri.

Kalaliki anati ameneyo anali mwana wina. Ndinati chabwino, tifunse amene anagwira mutu wa mtsikanayo pangolo. Ndinayenda ndekha mpaka pamoto paja, ndinavula chipewa, n'kunena kuti mayi, pepani ndakuchotsani pa ntchito, pali funso laling'ono. Anabwera akupukuta manja pachitenje. Mayi wa mpikisano anawafunsa mwaulemu ngati mwana wa m'kalatayu ndi yemwe walembedwa mu timuyu. Anayang'ana amuna awo nthawi yaitali. Amuna awo ankayang'ana zolembera.

"Ndi yemweyo," anatero. "Mwana wanga ali ndi mwana mmodzi yekha."

Ndinawafunsanso ine kuti nanga uyu wangayu, mukukumbuka pamene ankabadwa? Anati akukumbuka, chifukwa anapita kukaona mwana atanyamula ufa, ndipo tsikulo mdzukulu wawo anali atabwera kudzacheza ndi amake, akuyenda yekha, atasiya kale kuyamwa. Anawonjezera, osafunsidwa, kuti iwo ananena kunyumba kuti zochepetsa zaka za mwana si zabwino, koma sanamveredwe. Atatero anabwerera kumoto kwawo.

Mayi wa mpikisano anafufuta dzina la kamwana kaja n'kulemba la mdzukulu wanga. Ankafuna kuliza wezulo kuti masewero ayambe, koma ine ndinati ayi mayi, sitinathe. Munthu uyu ananditcha wabodza pa chimkuzamawu, abweze pa chimkuzamawu chomwecho.

Anayesa kuzemba. Anati mwina panali kusokonekera kwa manambala. Ndinati sindinamve za manambala, ndikufuna za imvi ndi bodza. Anthu aja amene ankandiseka anatembenuka, paja anthu ali ngati mbuzi, amatsata kumene kuli msipu, anayamba kukuwa kuti anene, anene. Anayandikitsa chimkuzamawu kukamwa n'kunena motsitsa kuti achikulirewa sananame.

Ndinati a ku Nsaru sanamve.

Anabwereza. Ndinati amayi a kumoto sanamve, nkhuni zikuthetheka. Anabwereza kachitatu, thukuta likutsika m'khosi, kenako anaika chimkuzamawu patebulo, anatenga njinga yake n'kumapita osatsanzika. Cholembera chimodzi chinagwa m'fumbi. Palibe anamutolera.

Mdzukulu wanga anasewera masewero anayi tsiku limenelo. Ndinamumata ndekha tinsalu m'chiuno. Oyamba anagwetsa mpira kawiri, ine n'kumukalipira kuti kodi dzungu lija unkaligwetsa? Kuyambira pamenepo anayamba kudutsa pakati pa ana ngati ngolo yotsetsereka. A ku Kabudula tinawagonjetsa, a sukulu ya kalaliki tinawagonjetsa mochititsa chifundo. Omaliza tinagonja kwa ana a m'tauni, aja anali ndi nsapato zamisomali ndipo amaponyerana mpira ngati ali ndi maso kunkhongo. Chikho chinakwera basi. Ine sindinabwerere chikho. Masana mwanayo anadya mbale ziwiri za mpunga n'kupempha yachitatu, amene anamuwonjezera ndi akazi a kalaliki.

Kamwana kaja kanakhala tsiku lonse pansi pa mtengo, katavala jezi yake, tinsalu tili m'manja. Ndinakayang'ana kamodzi, sindinakayang'anenso. Ena kumpingo kwathu amati ndinalakwira mwana wosalakwa, ndikanatha kuikamba nkhaniyi mwakachetechete. Ndimawayankha kuti amene anamulakwira ndi amene anamudula zaka ziwiri ngati akudula mchira wa nkhosa. Nanga wanga pamene ankagona ndi njala kuti achepe, analipo amene anapita mwakachetechete kukamupepesa?

Dzuwa litapendeka tinamanga ng'ombe. Ndipamene ndinaona mayi aja ataima pamsewu ndi mapoto awo ndi kamdzukulu kawo. Anabwera pa njinga ya amuna awo, ndipo njingayo inali itapita. Ndinaimitsa ngolo. Anakana kaye, akuti ayenda pansi. Ndinati mayi, ngolo iyi munaikwerapo pa tsiku loipa kuposa lino, kwerani. Kamwanako ndinakanyamula ndekha n'kukakhazika kutsogolo pambali panga, ndinakauza kuti iwe ngolo ino si yachilendo kwa iwe, unaikwera usanaone dzuwa. Titadutsa Mpingu mdzukulu wanga anakapatsa mpira kuti kagwirizire, ndipo pofika padambo paja anali akukangana za amene amathamanga kwambiri.

Musaganize kuti ndinawanyamula chifukwa cha chifundo chokha. Njira ya kwathu sidutsa m'mudzi mwawo, koma tsikulo inadutsa. Ndinalowa pakati penipeni pa mudzi ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono, ana khumi ndi awiri akuimba, ine ndikupereka moni khomo lililonse ndi mawu anga onse. Ndinakaima pakhomo pake penipeni. Njinga inali yotsamira khoma, chitseko chotseka, katani ya pawindo ikugwedera. Ndinatsitsa mapoto limodzilimodzi, ndinatsitsa mayi, ndinatsitsa mwana, kenako ndinaitana.

"Akalaliki! Ndakubweretseraninso mdzukulu wanu. Aka n'kachiwiri. Ulendo uno ng'ombe zonse zili bwino, kalata musavutike nayo."

Sanatuluke.

Mpaka lero sitilankhulana. Patebulo la mpikisano pamakhala munthu wina, ndipo kumsika moni wa bambo a ana awiri uja unatha ngati moto wa mapesi. Abusa a kwawo anatumapo munthu kuti tigwirane chanza. Ndinati ndamva, ndiganizira. Ndikuganizirabe. Kalata ija ndinaibwezera m'chitini, ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki chifukwa cha chiswe, ndipo mdzukulu wanga ndinamuonetsa pamene chitinicho chimakhala.